Ulosi wa mphepo wa pafoni: ndingadziwe bwanji woyenera kuukhulupirira?

MwiniBoti_SengaBay

Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundisowetsa tulo kuyambira mwezi wa Juni, ndipo ndamva kuti pano pali aphunzitsi ndi ena odziwa za nyengo.

Ine ndili ndi boti limodzi la injini ndi mabwato awiri onyamula nyali. Timapha usipa ndi chilimira kuno ku Senga Bay. Ineyo panyanja ndinasiya kupita, mawondo anakana, koma ndili ndi alovi asanu ndi anayi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mlongo wanga. Dzuwa likapendeka amabwera pakhonde kudzafunsa kuti, "Bwana, tigule petulo?" Yankho langa ndi lomwe limawatumiza pamadzi kapena kuwagoneka kumtunda.

Kale ndinkangoyang'ana mitambo ya kummwera ndi maonekedwe a madzi cha ku Namalenje. Chaka chatha mkamwini wanga anandiikira pafoni pulogalamu yoonetsa mphepo. Mmunsi mwake muli mayina angapo oti usankhe, iye akuti ndi mamodelo. Ukadina dzina ili manambala amatuluka ena, ukadina linzake atuluka enanso, chonsecho malo ndi amodzi, usiku ndi umodzi.

Pakati pa Juni, mwezi uli kumdima, nthawi yomwe usipa umabwera bwino kunyali, modelo imodzi inaonetsa mphepo ya liwiro la ma knot 9, inzake 14. Ndinawauza anyamata kuti pitani. Cha m'ma 1 koloko usiku mwera unagwa. Boti linayamba kumwa madzi, anataya usipa wonse omwe anali atakola, bwato limodzi linapita ndi nyali zake. Anabisala kuseri kwa chilumba mpaka kunja kunacha. Palibe anamwalira, tithokoze Mulungu, koma mlongo wanga anafika kudoko akulira, ndipo mpaka lero sindinathe kumuyang'ana bwinobwino kumaso.

Mu Julayi zinatembenuka. Foni inafiira, kuchenjeza za mphepo yamphamvu, masiku atatu otsatizana, ine ndikuwaletsa. Anzathu a padoko pomwepa anapita masiku awiri mwa atatuwo, anabwerako ndi ndowa zodzaza. Alovi amalandira malinga ndi zomwe zaphedwa, ndiye mukudziwa kale mmene anandiyang'anira.

Machenjezo a mwera a pawayilesi ndimamvera ndipo amandithandiza, koma amakamba za nyanja yonse, pomwe ine ndikufuna kudziwa za madzi amene anyamata anga akaponyepo khoka usiku uno.

Funso langa nali. Anthu amene amapanga mamodelowa amawayesa bwanji kuti adziwe ngati akulondola? Alipo amene amalemba kuti uyu analakwa kangati, uyu kangati? Ndipo ine wa ku Senga Bay ndingadziwe bwanji modelo yoti ndiziitsata?

Mphunzitsi_Zomba

Pepani bambo ndi zomwe zinakuonekerani. Ine ndimaphunzitsa Geography kusekondale ndipo pasukulu pathu tili ndi choyezera mvula chomwe ana amawerenga 8 koloko mmawa uliwonse. Za mphepo ya panyanja ena anena, ine ndikambe za kayezedwe ka ulosi, poti ndi nkhani yomwe ndimaikonda.

Choyamba, usiku wa Juni uja ndi masiku a Julayi aja sangakuuzeni modelo yabwino. Mtima umasunga masiku owawa okha. Masiku makumi angapo omwe foni inanena zoona, anyamata nkupita nkubwerako bwino, simukuwakumbukira chifukwa palibe chinachitika. Nchifukwa chake oyeza maulosi amalemba tsiku lililonse, labwino ndi loipa lomwe.

Komanso kungowerenga kuti walondola kangati kumanamiza. Mu 1884 msilikali wina wa ku America, John Finley, ankalosera za kavuluvulu woopsa uja amamutcha tornado. Pa maulosi 2803 analondola 2708, kutanthauza 96.6 pa 100 iliyonse. Zinaoneka zapamwamba. Koma katswiri wina, G. K. Gilbert, anaonetsa kuti munthu wongonena tsiku lililonse kuti "kulibe tornado", osayang'ana nkomwe kumwamba, akanalondola 98.2 pa 100, chifukwa tornado ndi wosowa. Nkhani yeniyeni inali pena. Tornado anachitika ka 51. Finley anachenjeza molondola ka 28, ka 23 anamuphonya, ndipo ka 72 anachenjeza koma sikunachitike kanthu. Manambala atatu amenewa ndi omwe amanena za luso la munthu, ndipo mpaka lero a zanyengo amayeza machenjezo awo mwanjira yomweyi.

Ndiye onani bambo, inu mwakumana nayo mitundu iwiri yonse ya kulakwa. Juni kunali kuphonya, Julayi kunali kuchenjeza pachabe. Modelo yomwe siphonya kawirikawiri imakonda kuchenjeza pachabe, ndipo yosachenjeza pachabe imaphonya. Kuchepetsa zonse ziwiri pakamodzi ndiye luso lomwe akatswiri amalimbana nalo zaka ndi zaka.

Chinanso chomwe amachita ndi kupikisanitsa modelo ndi ulosi wa munthu wosadziwa kanthu. Ulosi wotere ulipo wamitundu iwiri. Wina umati mawa kudzakhala monga kwakhalira lero. Wina umati Julayi ndi Julayi, kudzakhala monga kumakhalira mwezi uno zaka zonse. Modelo ikalephera kuposa awiriwa ndiye kuti palibe chomwe yawonjezera, ngakhale itachokera pa kompyuta yaikulu bwanji. Kwa inu ndingawonjezere wopikisana naye wachitatu: diso lanu loyang'ana mitambo ya kummwera. Lembaninso zomwe ilo lanena. Zaka zomwe mwakhala padoko si zochepa.

Pa mvula pali vuto lina lomwe ndimaliona ndi maso kuno. Ulosi unganene kuti Zomba kugwa mvula yamabingu masana. Mvulayo nkugwadi ku Chinamwali, pomwe ku Matawale kuli fumbi. Ukayeza ndi choyezera chimodzi cha malo amodzi, modelo yalakwa. Ndipo modelo yomwe inaika mvulayo makilomita khumi pambali imalangidwa kawiri, kuti inaika mvula pomwe sinagwe, ndiponso sinaike pomwe inagwa, chikhalirecho inadziwa kuti tsikulo kuli mvula. Ndiye masiku ano amayezanso poyang'ana dera lonse lozungulira, osati kadontho kamodzi ka pamapu.

Mukaona ulosi wa maperesenti, monga 70 pa 100 kuti kugwa mvula, musauweruze ndi tsiku limodzi. Sonkhanitsani masiku onse omwe unanena 70. Ngati mvula inagwa pafupifupi masiku asanu ndi awiri pa khumi alionse, ulosiwo ndi wokhulupirika. Njira yotchuka yoyezera maulosi a maperesenti anaiyambitsa Glenn Brier mu 1950 ndipo ikugwirabe ntchito.

Gulani kope, bambo. Nyengo imodzi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ikupatsani masiku opitirira 100.

WakuMangochi_CapeTown

Bambo a ku Senga Bay, ine kwathu ndi ku Mangochi, bambo anga anali msodzi, ndiye nkhani yanu yandigwira mtima. Ndinaphunzira za nyanja zamchere kuno ku Cape Town ndipo ntchito yanga ndi yofananiza maulosi a mafunde ndi zomwe zipangizo za panyanja zayeza. Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndionjezere za mamodelowo.

Mayina awiri omwe amapezeka m'mapulogalamu ambiri ndi ECMWF ndi GFS. ECMWF ndi ya bungwe la mayiko a ku Ulaya lomwe linakhazikitsidwa mu 1975, likulu lake lili ku Reading ku England, makompyuta ake akuluakulu ali ku Bologna ku Italy. GFS ndi ya boma la America, pansi pa NOAA, bungwe lawo loona zanyengo ndi nyanja. Zonse ziwiri zimagawa mlengalenga wa dziko lonse m'timabokosi, nkumawerengera mmene mphepo, kutentha ndi chinyezi zisinthire m'kabokosi kalikonse. Kabokosi ka ECMWF ndi ka makilomita 9 m'lifupi, ka GFS pafupifupi 13, ndipo mapulogalamu ena a pafoni amatenga manambala oikidwa pa timabokosi tokulirapo kuposa pamenepo.

Kodi alipo amene amalemba? Eya, ndipo amalemba tsiku lililonse. Mabungwe akuluakulu amawerengera malikisi awo mwanjira imodzi yomwe anagwirizana kudzera ku WMO, bungwe loona zanyengo padziko lonse, ndipo amasinthana zotsatira. Pa malikisi amenewo ECMWF yakhala ikutsogola kwa zaka zambiri. Zikuonekanso kuti pa zaka khumi zilizonse ulosi umapindula pafupifupi tsiku limodzi, kutanthauza kuti ulosi wa masiku asanu ndi limodzi lero ukufanana ndi wa masiku asanu zaka khumi zapitazo. Mbali yathu ino ya kummwera kwa dziko lapansi inali mmbuyo kwambiri chifukwa zoyezera zinali zochepa, koma cha m'ma 2000 mamodelo atayamba kugwiritsa bwino ntchito zomwe masetilaiti amaona, inayandikira kwambiri mbali ya kumpoto.

Koma apa mumvetsetse bwino. Malikisi otchuka kwambiri amayeza kayendedwe ka mpweya pa mtunda wa makilomita asanu ndi theka mmwamba, pa dera lalikulu ngati theka la dziko lapansi. Kukhala nambala wani pamenepo sikukutsimikizirani kuti modeloyo ikudziwa mphepo ya pamwamba pa madzi ku Namalenje 1 koloko usiku. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita pafupifupi 580, koma pomwe yatambalala kwambiri ndi makilomita 75 okha. Pa timabokosi ta makilomita 9 ndiye kuti tisanu ndi titatu tokha kuchoka tsidya lino kufika tsidya lina, ndipo kummwera kwanuko ndi tochepa kuposa apo. Nyanjayo ili m'chigwa, mapiri uku ndi uku. Mwera ukalowa m'chigwa chimenechi umapanikizika nkuthamanga motsata nyanja, ndipo mapiri a mu modelo ndi osalala kuposa enieni. Pamwamba pa madzi mphepo imathamanganso kuposa pamtunda chifukwa palibe mitengo kapena zitunda zoigwira. Malo oyezera nyengo a ku Salima, Nkhotakota ndi Monkey Bay ali pamtunda.

Kuno kunyanja yamchere tili ndi zofananizira zambiri. Pali zipangizo zoyandama za Argo, pafupifupi 4000 padziko lonse, zomwe zinayamba kuponyedwa cha m'ma 2000. Chilichonse chimamira mpaka mamita 2000, nkumakwera chikuyeza kutentha ndi mchere, ndipo pakatha masiku khumi alionse chimatumiza manambala ku setilaiti. Pali masetilaiti oyeza kutalika kwa mafunde ndi msinkhu wa nyanja, kuyambira TOPEX/Poseidon ya 1992 mpaka Sentinel-6 ya 2020. Pali zoyezera mafunde zomangiriridwa pafupi ndi madoko. Ndi zonsezi timapezabe kuti m'mphepete mwa South Africa, pomwe mafunde ochokera kummwera chakumadzulo amakumana ndi madzi othamanga a Agulhas, mamodelo amavutika, chifukwa mafunde amaimirira kwambiri pa kadera kochepa. Ngati zili choncho pomwe pali zoyezera, nanga kunyanja kwathu komwe Argo kulibe? Kumeneko alovi anu ndiwo choyezera.

Zinthu ziwiri zoti muone pafoni yanu madzulo ano. Nambala yomwe imaoneka koyamba nthawi zambiri ndi liwiro lapakati la mphepo. Pali mzere wina wolembedwa kuti gusts, womwe ndi mphepo yowomba mwamphamvu kwa kanthawi, ndipo ndi imeneyo yomwe imadzaza boti. Funsani mkamwini wanu akuonetseni. Chachiwiri, mamodelo awiri akasiyana monga 9 ndi 14, musavutike kusankha woona. Kusiyanako kukukuuzani kuti usikuwo ndi wovuta kulosera. Ngakhale ECMWF imayendetsa modelo yake ka 51, ikusintha pang'ono poyambira, kuti ione ngati mayankho agwirizane kapena abalalike. Akabalalika, olosera amadziwa kuti asalonjeze zambiri. Ine pa usiku wotere ndingatenge nambala yaikuluyo.

NaChilobwe

Ine sindinaphunzire zimene akukamba achimwene a ku Cape Town, koma ndinali ku Chilobwe pa 13 Malichi 2023 pomwe matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche.

Namondwe wa Freddy sanatidzidzimutse ayi. Tinamumva pawayilesi masiku angapo asanafike. Anali atadutsa kale ku Madagascar ndi ku Mozambique mu Febuluwale, nkubwerera kunyanja, kenako nkulowanso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Anthu otsata anamondwe ku chilumba cha La Réunion ankanena njira yake, a zanyengo athu ankachenjeza za mvula yamphamvu m'maboma a kummwera. Mukati muyeze ngati ulosi unalondola kuti namondwe akubwera, unalondola.

Koma pa mzere wa nyumba zathu, titamva kuti mvula yamphamvu, tinaganiza za madenga odontha ndi zipupa zonyowa. Ine ndinatchinjiriza khoma ndi pulasitiki. Zoti phiri lingatsike sizinabwere m'mutu mwa aliyense wa ife. Anansi anga ena sindinawaonenso. Ndiye ndikamamva za malikisi a mamodelo ndimafuna wina aziyezanso ngati munthu womvayo wadziwa chochita.

Kwa inu bambo a boti ndili ndi mawu amodzi. M'kope lomwe aphunzitsi akunena, musaike kulakwa kwa Juni ndi kwa Julayi pa sikelo imodzi. Julayi munataya ndowa za usipa. Juni mukanataya mwana wa mlongo wanu. Modelo yochenjeza pachabe kasanu koma osaphonya usiku woopsa, ine ndingaisankhe kuposa yolondola kwambiri pa masiku abata.

MwiniBoti_SengaBay

Zikomo nonse. Mayi a ku Chilobwe, pepani kwambiri, mawu anu ndawamva ndipo ndawawerengera mkazi wanga.

Achimwene a ku Cape Town, mkamwini wabwera ndipo mzere wa gusts taupeza. Unalipo nthawi yonseyi, kungoti sindinkadziwa tanthauzo lake. Lero modelo imodzi ikuti 11, koma pa mzere umenewo pali 19.

Kope ndagula. Koma pali pomwe ndakakamira. Zomwe foni yanena ndikhoza kulemba. Nanga zomwe zachitikadi ndilemba bwanji, poti choyezera mphepo ndilibe, ndiponso usiku ndimakhala kumtunda? Komanso alovi akudziwa kuti ndikalemba kuti kunali koopsa ndidzayamba kuwaletsa kawirikawiri, ndiye ndikuopa kuti azindiuza kuti kunali bwino ngakhale kunali koipa. Njala ya pakhomo ndimaidziwa, sindingawadzudzule.

WakuMangochi_CapeTown

Amalinyero ankayeza mphepo ndi maso kalekale zoyezera zisanafale. Francis Beaufort anakonza muyeso wake mu 1805 ndipo ukugwirabe ntchito. Masana mukhoza kuutsata muli padoko. Mafunde akayamba kuyera pamutu apo ndi apo, mphepo ili pakati pa ma knot 7 ndi 10. Kuyerako kukachuluka ndiye 11 mpaka 16. Nyanja ikayera mbali zambiri, madzi nkumathovokera m'boti, mwafika 17 mpaka 21. Kupitirira apo mukudziwa kale nokha.

Usiku maso sathandiza, ndiye musafunse alovi kuti kunali bwanji. Afunseni zinthu zoti yankho lake ndi eya kapena ayi. Munakapa madzi m'boti? Mabwato a nyali anakhazikika kapena ankatengeka? Khoka munakoka kangati? Munabwerera nthawi isanakwane? Mafunso otere ndi ovuta kuwakongoletsa, ndipo petulo wotsala m'thanki ndi zovala zonyowa zimachitira umboni. Muzifunsanso munthu mmodzi wa boti lina.

Boti linalo ndi lofunika pa chifukwa chinanso. Masiku omwe mwaletsa anyamata anu, mulembebe zomwe anzanu opita akumana nazo. Mukapanda kutero simudzadziwa kuti modelo inachenjeza pachabe kangati, chifukwa masiku amenewo m'kope mudzakhala mopanda kanthu.

Ulosi muziulemba nthawi imodzi tsiku lililonse, tinene 4 koloko madzulo, anyamata asananyamuke. Manambala a pafoni amasintha kangapo patsiku, GFS yokha imatulutsa ulosi watsopano kanayi, ndiye mukadikira mmawa mudzapeza atasintha kale. Lembani mamodelo onse awiri, liwiro lapakati ndi gusts, mbali yomwe mphepo ikuchokera, zomwe wayilesi yanena, ndi zomwe diso lanu laona. Pakatha miyezi iwiri yang'anani usiku wonse womwe anakapa madzi, muone manambala omwe modelo iliyonse inaonetsa madzulo ake. Mwina mudzapeza kuti pa doko lanu 12 wa modelo ina amatanthauza zoopsa mphepo ikamachokera kummwera, pomwe 12 yemweyo ndi wabwinobwino ikamachokera kumpoto. Mukafika pamenepo jambulani masambawo muwaike pano, ndidzakuthandizani kuwerengera.

MwiniBoti_SengaBay

Tsamba loyamba ndalemba dzulo 4 koloko. Modelo yoyamba 11, gusts 19. Yachiwiri 15, gusts 23. Zonse kuchokera kummwera chakummawa. Diso langa linati mwera ugwa pakati pa usiku, poti kummwera kunali kamtambo kotuwa kopyapyala ndipo kunkazizira msanga. Anyamata ndinawaletsa, ndinawapatsa ya ufa.

Maboti awiri a padoko pano anapita. Limodzi labwerera 11 koloko usiku, akuti anakoka kamodzi kokha ndipo anakapa madzi njira yonse. Linalo lafika mmawa uno ndi ndowa zinayi, akuti anakhala kuseri kwa Namalenje. Ndalemba zonse ziwiri. Achimwene, usiku wotere ndiuike mbali iti?